Mukaitanidwa koyamba kukabayitsa katemera, musadikire kuonera anzanu

Uthengawu ukupita kwa agogo athu, kwa inu amene mumamwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV, komanso kwa anzathu ogwira ntchito m'zipatala. Ukupitanso kwa inu ana ndi zidzukulu, chifukwa nthawi zambiri ndinu amene mumauza makolo anu kuti asapite.

Mliri ukagwa, katemera safika wokwanira aliyense tsiku limodzi. Tinaziona ndi Covid-19. Pa 5 Malichi 2021 dziko lathu linalandira katemera wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera mu ndondomeko ya COVAX yothandiza maiko kupeza katemera, pamene kalembera wa 2018 anali atapeza kale kuti m'dziko muno tilipo oposa 17 miliyoni. Onjezeraninso kuti katemerayo munthu ankayenera kubayidwa kawiri. Panalibe kuchitira mwina, boma linayenera kusankha oyamba kulandira.

Azaumoyo amayamba chifukwa ndi amene amakhala pafupi ndi wodwala usana ndi usiku. Sitikunena madokotala okha ayi, koma anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo, oyendetsa ambulansi ndi okolopa m'mawodi. Namwino mmodzi wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi akagona ndi matenda, amayi oyembekezera amasowa owachiritsa, sikelo ya ana imaima, odwala malungo amabwerera osathandizidwa. Okalamba, makamaka a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndi amene ali ndi matenda a mgonagona monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, matenda a mtima ndi khansa, amatsatira chifukwa chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka. Matenda amene mnyamata angachire patatha masiku ochepa, iwo amawafikitsa pa okosijeni.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi mawu amene timawamva m'midzi ndi pa WhatsApp, akuti okalamba ndi odwala amawaika patsogolo pofuna kuyesera mankhwala pa iwo, kapena pofuna kuchepetsa anthu. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lopha. Taganizani bwino. Katemera akanakhala woyesera, kodi boma likanayambira pa anamwino ndi madokotala, anthu amene ndi ochepa kale m'dziko muno? Pa 11 Malichi 2021 amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anabayitsa pamaso pa anthu ku Zomba, ndipo wachiwiri wawo, malemu a Saulos Chilima, anabayitsa ku Mzuzu. Katemera asanafike kuno amakhala atayesedwa kale pa anthu zikwizikwi ndi kuvomerezedwa. Agogo, inu sakuyeserani. Akuikani patsogolo chifukwa inu ndi amene matendawa angakutengeni msanga.

Ena sakana poyera. Amangoti, "Ndipita, koma ndiyambe ndaona kaye anzanga." Awa ndi amene timawadandaula kwambiri, chifukwa amaganiza kuti akuchita mwanzeru. Akuluakulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Katemera sagwira ntchito tsiku lomwe mwabayidwa. Thupi limatenga pafupifupi milungu iwiri kuti lipange chitetezo, ndiye mukamadikira kuti matenda alowe m'mudzi mwanu, mwachedwa kale. Ndipo katemera sachiza munthu amene wadwala kale. Wachibale akafika pobanika, kutipempha kuti timubaye sikungathandizenso.

Katemeranso ali ndi tsiku lotha ntchito. Kumapeto kwa Malichi 2021 tinalandira katemera wina wokwana 102,000 kuchokera ku bungwe la maiko a mu Africa la African Union, amene mphamvu yake inkatha pa 13 Epulo. Nthawi inali yochepa kwambiri, izi n'zoona, ndipo azaumoyo anayesetsa mpaka wambiri anagwiritsidwa ntchito. Komabe 19,610 anatsala, ndipo mu Meyi anawotchedwa ku Lilongwe. Unduna wa Zaumoyo unawotcha poyera kuti aliyense adziwe kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito. Koma zimatipweteka tikakumbukira kuti pa masiku amenewo kunali okalamba ndi odwala shuga amene anaitanidwa n'kukhala pakhomo, akudikira kuonera anzawo.

Kwa anzathu azaumoyo: anthu amationa. Namwino akamazengereza, mudzi wonse umazengereza naye. Ngati muli ndi mafunso, funsani akuluakulu a pachipatala panu, koma musakagawe mantha anu kumsika kapena kutchalitchi.

Mukabayitsa, pamkono pamatha kupweteka, thupi limatha kuphwanya kapena kutentha pang'ono, mutu nkuwawa. Izi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo si chizindikiro chakuti mwalodzedwa kapena mwapatsidwa matenda. Mukaona kutupa nkhope, kubanika, kapena mutu wopweteka kwambiri wosasiya, bwererani kuchipatala msanga. Musasiye kumwa mankhwala anu a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa cha katemera.

Inu achinyamata, ngati nthawi yanu sinakwane, musakangane pamzere. Ntchito yanu ndi kutenga njinga n'kuperekeza agogo. Mukamva alangizi a zaumoyo kapena amfumu akulengeza kuti katemera wafika, pitani sabata yomweyo. Tengani buku lanu la kuchipatala, muuze namwino matenda amene muli nawo ndi mankhwala amene mumamwa, ndipo musachoke musanafunse tsiku lodzabayitsa kachiwiri.