Mpanda wautali suteteza munthu amene ali mumsewu

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yokonza mapulani a mizinda amaona ngati zanga ndi za maploti basi, nkhani ya umbava ndi ya apolisi. Komatu wakuba saba paliponse ayi, amasankha. Amafuna pamdima, popanda womuona, komanso poti akatsomphola foni pali kothawira. Malo oterowo ambiri timawapanga tokha pomanga.

Abale athu omwe ali ku Cape Town akuidziwa Khayelitsha, dera lomwe boma la tsankho linatsegula mu 1983 kutali ndi tauni, makilomita pafupifupi 30. Cha m'ma 2006 khonsolo ya mzindawo pamodzi ndi banki ya chitukuko ya ku Germany, KfW, anayambitsa pologalamu yotchedwa VPUU, yofuna kuchepetsa zachiwawa pokonza bwino malo okhala anthu, ndipo poyambira pake anafunsa eni dera kuti kodi ndi pati pomwe mumaopa kudutsa, nkumalemba pamapu. Ku Harare, osati wa ku Zimbabwe koma chigawo china cha Khayelitsha momwemo, kunali chibwalo chopanda kanthu chosungira madzi a mvula, anthu ochokera kusiteshoni ya sitima amadutsa pomwepo mtima uli m'mwamba. Anachisandutsa paki yokhala ndi bwalo la mpira, njira ya oyenda pansi anaiwaka bwinobwino nkuiikira magetsi, kenako m'mbali mwa njirayo anamanga tinyumba tosanja tomwe amatitcha ma active box, pansi pamachitika za gulu kapena bizinesi, pamwamba pamagona woyang'anira, usiku kanyumbako kamawala moti munthu ukamayenda umakaona patsogolo ndipo umadziwa kuti zikavuta pali pothawira komanso pali maso akukuona.

Pamagetsi pomwepa ndiime kaye chifukwa ambiri amangoti bola kuwale. M'matauni ambiri a anthu akuda ku South Africa anaikamo zimapolo zitalizitali za magetsi amphamvu, koma kuwala kochokera kumwamba kwambiri kukagwera pa timisasa tothithikana kumasiya mthunzi wa bii m'tinjira ta pakati, momwemo momwe mayi akudutsa kupita kuchimbudzi cha gulu usiku. Getsi labwino ndi lalifupi, loyandikana ndi linzake, loti uone nkhope ya munthu amene akubwera asanakufike. Ndipo chimbudzi kapena mpopi ukauika kutali kuseri, waonjezera ulendo wa mumdima, imeneyonso ndi nkhani ya chitetezo ngakhale pabajeti imalembedwa ngati ya ukhondo.

Nde tayang'anani mmene tikumangira kwathu kuno. Munthu akangopeza ploti ku Lilongwe kaya ku Blantyre choyamba ndi fensi ya njerwa yoposa msinkhu wake, pamwamba mabotolo osweka kapena lezala waya, geti lachitsulo lopanda ndi kabowo komwe. Neba naye chimodzimodzi. Mapeto ake msewu wonse umakhala ngati ngalande, makoma uku ndi uku, wantchito akuweruka madzulo atakuwa palibe amene angasuzumire, ndipo mbava ikangolumpha kulowa mkati mpanda womwewo ndi umene umaibisa ikamathyola chitseko. Ine ndikamalangiza anthu ndimati mbali ya kumsewu ikhale yoonekera, pansi njerwa pang'ono pamwamba zitsulo, windo limodzi liyang'ane kumsewu, ndipo kaokala kapena mayi wa tomato wapakona musamuthamangitse, ameneyo amadziwa nkhope iliyonse yachilendo kuposa kamera.

Sindikunena kuti simenti ndi mababu zingathetse ulova kapena nkhanza za m'banja, zimenezo zimachitikira mkati mwa nyumba momwe pulani ya msewu sifika. Komanso zomangazi zikapanda wozisamala zimabwerera pomwe zinali, babu ikapsa osasintha, udzu utalike, pakiyo imasanduka pobisalira ena. Choncho khonsolo ikamabwera ndi pulojekiti ya magetsi a mumsewu mdera lanu, pamsonkhano afunseni a khansala kuti magetsiwo akadzafa adzakonza ndani, ndipo ndalama yake ili pa bajeti iti.