Kochi pansi pa mpondamatiki: kumene mkangano wa masapota unachokera

M'nyumba zoonetsera mpira za pa Dedza boma, pa Chimbiya ngakhale pa Lizulu, timu yaikulu ikagonja kawiri motsatizana, funso limakhala limodzi: kodi kochiyu afika Khirisimasi? Gulu lina limati mwini timu akakhala ndi ndalama kochi wapata, chifukwa wosewera aliyense amene amufuna amugulira. Ena amati ndalama zomwezo ndi chingwe cha pakhosi. Amakangana mpaka mwini nyumba kuzimitsa jenereta, anthu n'kutuluka m'chisanu cha Dedza akulozanabe zala.

Mkanganowu uli ndi chaka chake chobadwira. Mu 2003 mpondamatiki wa ku Russia, Roman Abramovich, anagula timu ya Chelsea kwa Ken Bates pamtengo wa mapaundi pafupifupi 140 miliyoni, kuphatikizapo ngongole zimene timuyo inali nazo. Nthawi yomweyo kuno kwathu Maule, timu ya Big Bullets, anali m'manja mwa mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Bakili Muluzi, ndipo dzina linasintha kukhala Bakili Bullets. Amene anayamba kutsata mpira zaka zimenezo anaona zinthu ziwirizi zikuyendera limodzi. Chelsea inadzipezera masapota ambiri m'midzi muno chifukwa cha Didier Drogba, Michael Essien ndi John Obi Mikel. Ndiye zimene zinkachitikira makochi ku London zinkakambidwa ngati za pamudzi.

Mndandanda wa makochiwo ndi umene mbali zonse ziwiri zimatolapo umboni, choncho ndi bwino kuudziwa molondola.

Abramovich anapeza Claudio Ranieri ali kochi. Chaka chimenecho Chelsea inathera pa nambala 2 mu ligi, inafikanso mu semifainolo ya Champions League. Ranieri anaona msana wa njira mu 2004. José Mourinho anabwera kuchokera ku Porto, anatenga ligi mu 2005 ndi mapointi 95 atangochinyidwa zigoli 15 zokha, anaitenganso mu 2006, koma mu Seputembala 2007 anachoka atafanana mphamvu 1-1 ndi Rosenborg. Avram Grant anafikitsa timu mu fainolo ya Champions League ya ku Moscow mu 2008, pamene John Terry anaterereka pomenya penate, ndipo sipanathe sabata asanachotsedwe. Luiz Felipe Scolari, munthu amene anatengapo chikho cha dziko lonse ndi Brazil, sanamalize n'chaka chomwe.

Awiri amene amapweteketsa mutu ndi Carlo Ancelotti ndi Roberto Di Matteo. Ancelotti anatenga ligi ndi FA Cup mu 2010, timu itamwetsa zigoli 103 mu ligi. Chaka chotsatira anathera pachiwiri, ndipo anauzidwa kuti ntchito yatha atangomaliza masewero otsiriza pabwalo la Everton. Di Matteo anapatsa Abramovich chikho chimene ankachilakalaka kuposa zonse, Champions League ya 2012 ku Munich, pabwalo la Bayern lomwe. Mu Novembala chaka chomwecho Juventus itawachinya 3-0, anachotsedwa. Miyezi isanu ndi umodzi basi.

Amene amati ndalama n'chingwe amaima pamenepa, ndipo akunena zoona: chikho sichiteteza kochi. Koma amaiwala kufunsa chifukwa chake, pamene yankho lili poonekera.

Choyamba n'chakuti amene amagula osewera ndani. Mu 2006 Chelsea inagula Andriy Shevchenko ku AC Milan pamtengo wa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni, pamene Mourinho anali atamanga kale kaseweredwe kake pa Drogba, womwetsa zigoli mmodzi kutsogolo. Mu Januwale 2011 anabwera Fernando Torres kuchokera ku Liverpool pa 50 miliyoni, nthawi ya Ancelotti. Onse awiri anavutika kupeza golo. Taonani mmene kochi amagwidwira pakati: akamuika pabenchi wosewera wodulayo, wanyoza ndalama za bwana, akamuseweretsa koma osachinya, mapointi akutayika, ndipo mlandu ndi wa kochi. Wosewera ali ndi kontrakiti ya zaka zisanu ndipo mtengo wake uli m'mabuku a kampani. Kumugulitsa msanga n'kuvomera kuluza. Kuchotsa munthu mmodzi wokhala pabenchi n'kosavuta poyerekeza ndi kuchotsa osewera khumi. Mourinho anachoka patatha chaka ndi miyezi yochepa Shevchenko atafika, Ancelotti patatha miyezi inayi Torres atafika.

Chachiwiri n'chipukuta misozi. Ku timu yosauka kochi amatetezedwa ndi umphawi wa mabwana ake: akamuchotsa kontrakiti isanathe ayenera kumulipira miyezi yotsala, iye pamodzi ndi omuthandiza, kenaka n'kupeza ndalama zolembera wina. Ambiri amangopirira. Kwa mpondamatiki chotchinga chimenechi palibe. Chelsea inalipira Porto mapaundi oposa 13 miliyoni kuti imasule André Villas-Boas mu 2011, n'kumuchotsa mu Malichi 2012. Kuchoka kwa Antonio Conte mu 2018, amene anali atatenga ligi mu 2017 ndi FA Cup chaka chomwe anachotsedwacho, kunadya oposa 26 miliyoni. Makochiwa sankapita kumeneko ali m'tulo ayi. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, makamaka ngati akudziwa kuti tsiku lochoka atuluka thumba lili lodzaza.

Pali mfundo imene osapota matimu ena sakonda kuimva: njira imeneyi inkabala zipatso. M'zaka 19 za Abramovich Chelsea inatenga ligi kasanu ndi Champions League kawiri, ndipo zikho ziwiri za ku Ulayazo zinabwera ndi makochi olowa pakati pa chaka, Di Matteo mu 2012 ndi Thomas Tuchel mu 2021. Msana wa timu sunali kochi koma osewera okhalitsa monga Terry, Frank Lampard, Petr Čech ndi Drogba. Abramovich anagulitsa timu mu 2022 boma la Britain litamuikira ziletso chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, ndipo eni atsopano, gulu la Todd Boehly, anapitiriza khalidwe lomwelo: Tuchel anachoka mu Seputembala 2022, Graham Potter mu Epulo 2023.

Mbali inayo, ya amene amati kochi wapata, imathamangira ku Manchester City. Mpondamatiki Sheikh Mansour anagula timuyo mu 2008, ndipo poyamba nayenso sankanyengerera: Mark Hughes anachotsedwa mu 2009, Roberto Mancini mu 2013 patangopita chaka atatenga ligi. Chinasintha si kukula kwa thumba. Mu 2012 City inalemba Ferran Soriano ndi Txiki Begiristain kukhala akuluakulu oyendetsa timu, anthu amene anagwirapo ntchito ndi Pep Guardiola ku Barcelona, zaka zinayi Guardiola asanafike mu 2016. Ogula osewera ndi wowaphunzitsa ankalankhula chimodzi. Choncho pofuna kudziwa ngati kochi akhalitsa, kuwerenga zikho zake n'kutaya nthawi. Funsani kuti anamulemba ndani, munthuyo akadali pampando kapena ayi, ndiponso ngati osewera atatu odula kwambiri akuyamba masewero kapena akutenthetsa benchi.

Kwathu kuno nkhani inayenda mwina, ndipo achikulire a Maule ndi amene amaikumbutsa achinyamata akayamba kuzunguzika ndi za ku England. Ndalama za Muluzi sizinadye kochi. Kinnah Phiri anafikitsa Bakili Bullets mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League mu 2004, atatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa panjira. Vuto linabwera thandizo litaphwa. Timu inabwerera ku dzina la Big Bullets, malipiro anayamba kuvuta, osewera abwino anamwazikana, ndipo timu imene inkatenga ligi chaka ndi chaka inadikira mpaka 2014 kuti iyigwirenso. Ngozi ya kuno si mwini timu wosapirira, koma timu yopachikidwa pa thumba la munthu mmodzi popanda kampani, popanda bwalo lakelake, popanda ndalama zina kupatula za pachipata. Munthuyo akangotembenuka, kochi sachotsedwa n'komwe; amangosiya kulandira malipiro mpaka atachoka yekha.

N'chifukwa chake kubwera kwa Nyasa Manufacturing Company ku Bullets kunali kosiyana ndi za 2003. Timu inakhala kampani, yokhala ndi ofesi ndi timu ya achisodzera yokolola osewera. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, amene anali atatenga kale ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos ya ku Harare, anafika mu 2018 n'kutenga ligi kasanu mondondozana. Manoma, timu ya Wanderers, nawonso analowa njira ya kampani pansi pa Thom Mpinganjira, pamene Silver Strikers yakhala ikutsamira pa Reserve Bank kuyambira kale.

Kwa munthu wa ku Dedza zonsezi si nkhani za pa kanema pokha. Dedza Dynamos italowa mu Super League, matimu akuluakuluwa anayamba kufika pa Dedza Stadium, ndipo kusiyana kwa matumba kumaoneka basi isanaime n'komwe. Timu ya m'boma imafuna mafuta opitira ku Karonga kapena ku Blantyre n'kubwerako, malo ogona, chakudya cha osewera oposa makumi awiri, malipiro a mwezi ndi mabonasi a masewero. Bonasi ikachedwa masabata awiri zimaonekera pabwalo, ndipo wosewera amene wawala chaka chino, chaka chamawa amakhala atavala yofiira kapena yabuluu. Sapota yemweyo amene Loweruka usiku amanyoza mpondamatiki wa ku London chifukwa chochotsa kochi, Lamulungu masana ali pa Dedza Stadium akufunsa mnzake ngati pali bwana wina amene wamveka kuti akufuna kuthandiza timu.