Mlandu wa mtsinje wa Whanganui

Ophunzira akapatsidwa mutu wa mtsutso wakuti chilengedwe chikhale ndi ufulu wake m'malamulo, a mbali yotsutsa sachedwa kufunsa kuti mtsinje ungaime bwanji m'khoti. A mbali yovomereza amangotchula mtsinje wa Whanganui wa ku New Zealand ndi chaka cha 2017, n'kupitirira. Zimandiwawa kumva chaka chimodzi chokhacho, chifukwa mlanduwu unatha zaka zoposa 140 uli m'kamwa mwa anthu.

Whanganui ndi wautali makilomita pafupifupi 290. Amaori, anthu oyambirira kukhala ku New Zealand, okhala m'mbali mwake amautenga ngati kholo lawo, ndipo ali ndi mawu amene amanena akuti iwo ndiwo mtsinjewo, mtsinjewo ndiwo iwo. Mu 1840 mafumu awo ena anasaina pangano la Waitangi ndi boma la Britain, lomwe linalonjeza kuti malo awo ndi madera awo ophera nsomba sadzalandidwa. Lonjezolo silinakhalitse. Pofuna kuti sitima zapamadzi zizidutsa, boma la New Zealand linagwetsa misampha yamitengo imene eni mtsinje ankakolera mikunga, ndipo miyala ya pansi pa madzi inayamba kukumbidwa. Munthu wakutali angaone ngati ndi nkhani ya nsomba chabe, koma misamphayo ndiyo inkadyetsa midzi, ndipo banja lililonse linkadziwa malo ake pamtsinjepo.

Madandaulo anayamba kufika ku Nyumba ya Malamulo m'ma 1870. Mu 1903 kunabwera lamulo lopereka m'manja mwa boma nthaka ya pansi pa mitsinje yonse yoyendamo sitima. Amaori anakasuma mu 1938, mlandu n'kumangokankhidwa kuchoka khoti ili kupita lina mpaka 1962, pamene khoti la apilo linawagamulira mowaluzitsa. Ambiri mwa amene anauyamba anali atatsikira kale kuli chete. Ana awo anautola, ndipo mu 1999 bungwe la Waitangi Tribunal, lofufuza madandaulo a Amaori okhudza pangano lija, linapeza kuti eni ake sanaupereke mtsinjewo mwa kufuna kwawo.

Apa ndi pamene ochita mtsutso ayenera kutchera khutu. Boma silinkafuna kuti mtsinje ukhale wa Amaori, nawonso Amaori sakanalola kuti ukhale wa boma. Anagwirizana kuti mwini wake akhale mtsinje womwewo. Lamulo la Te Awa Tupua la mu Malichi 2017 linati mtsinje wonse, kuchokera kumapiri mpaka kunyanja, ndi chamoyo chimodzi chokhala ndi ufulu ndi udindo ngati munthu. Funso lija lakuti ungaime bwanji m'khoti linayankhidwa posankha anthu awiri oulankhulira, wina wotchulidwa ndi Amaori, wina ndi boma. Panaperekedwanso chipukutamisozi cha madola a ku New Zealand 80 miliyoni, ndi ena 30 miliyoni osamalira mtsinjewo.

Mwezi womwewo khoti lalikulu la chigawo cha Uttarakhand ku India linanena zofanana za mitsinje ya Ganges ndi Yamuna, koma pofika Julaye khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linaimitsa chigamulocho, boma la chigawocho litadandaula kuti mtsinje ukasefukira n'kuwononga katundu, oulankhulira ndiwo azidzaimbidwa mlandu.

Wotsutsa amene wawerenga bwino ali ndi mfundo ina yolimba. Lamulo la Whanganui silinakhudze umwini wa madzi enieniwo, ndipo madzi ena a kumtunda kwake akupatutsidwabe kukapanga magetsi ku Tongariro, monga zakhala zikuchitikira kuyambira m'ma 1970.