Alangizi a kuchigwa, webusaiti yanu imatseguka pa Bangula?

Ntchito yanga ndi yokonza mawebusaiti, ndipo ambiri amene akundipeza masiku ano ndi anthu ogulitsa nzeru: alangizi odziimira paokha a ulimi wothirira, ophunzitsa magulu kusunga mabuku a ndalama, olemba mapulani a bizinesi, ochitira mabungwe kafukufuku, ndi ena otsogolera achinyamata pa nkhani ya ntchito. Kuno kuchigwa cha Shire anthu otere akufunika kwambiri. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira, ikusonkhanitsa alimi m'makopaletivu, ndipo kopaletivu iliyonse imafuna woiwongolera pa malamulo, mabuku ndi misika. Chichitikireni namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabungwe ogwira ntchito ku Chikwawa ndi Nsanje amafunanso anthu odziwa dera, odziwa kuti mvula ikagwa msewu uti umaduka.

Koma kugulitsa uphungu n'kovuta. Wogula mbuzi pa Ngabu amaigwira msana, amaiona mano, kenako n'kuyamba kunenerera. Wogula uphungu alibe pogwira. Amavomera mtengo asanaone phindu. Ndiye ntchito ya webusaiti ya mlangizi ndi imodzi basi: kupatsa munthu amene sanakuonenipo chifukwa chokwanira choti akuimbireni foni. Chilichonse chimene sichikuthandiza zimenezo ndi katundu wongolemetsa.

Anthu amene adzatsegule tsamba lanu ndi a mitundu iwiri, ndipo safuna zofanana. Wina ndi wogwira ntchito ku bungwe, wakhala mu ofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, dzina lanu waliona pa kalata yofunsira ntchito, ndipo akufuna kutsimikiza kuti mulipodi ndiponso kuti munagwirapo ntchito yofanana. Winayo ndi wapampando wa gulu la alimi a thonje, kapena mayi wa golosale pa Nchalo amene wamva za inu kwa mnzake. Ameneyu ali pa foni yaing'ono, bandulo yake ndi ya tsiku limodzi, netiweki ikubwera n'kumachoka. Ine ndimauza makasitomala anga kuti tikonzere wachiwiriyu. Tsamba limene latseguka bwino kwa iye, kwa wa mu ofesi limatseguka ngati mphezi. Mukayambira kwa wa mu ofesi, wapampando uja mwamutaya.

Mawu oyamba kuoneka munthu asanatsitse chala pansi ndi amene amandidyera nthawi kuposa china chilichonse. Alangizi ambiri amafuna kuyamba ndi masomphenya awo, kapena mawu akuluakulu onena za kutukula anthu ndi kusintha miyoyo. Mawu otere aliyense akhoza kuwalemba, choncho sanena kanthu za inu. Lembani amene mumathandiza, vuto limene mumathetsa, ndi dera limene mumafika. Mwachitsanzo: "Ndimathandiza makopaletivu a alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje kukonza mabuku a ndalama kuti akafika owerengera asapeze chosokonekera." Msungichuma wa gulu akawerenga zimenezo amadziwa pomwepo kuti nkhaniyi ndi yake. Pansi pake pakhale chithunzi chanu chenicheni ndi batani limodzi loti akupezeni.

Ndikuti chithunzi chenicheni chifukwa ndatopa nazo zithunzi zotola pa intaneti, za anthu ovala masuti akugwirana chanza m'nyumba za magalasi. Wowerenga wa ku Makhanga amazindikira kuti malo amenewo si kwathu, ndipo kukayika kumayambira pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chanu muli pansi pa mtengo ndi gulu, choko kapena cholembera m'manja, chimalankhula zoona. Mungojambula m'mawa dzuwa lisanakwiye, kuti nkhope zioneke bwino.

Zithunzi zomwezo ndi zimene zimapha mawebusaiti ambiri. Chithunzi chochokera m'foni yamakono chimalemera mamegabaiti 3 mpaka 5. Mukaika khumi osachepetsa, mlendo wanu alipira mamegabaiti pafupifupi 40 kuti angoona tsamba loyamba, ndipo ambiri amatseka lisanamalize. Chithunzi chomwecho chikhoza kutsitsidwa kufika pansi pa makilobaiti 200 osaoneka kusintha pa foni, makamaka chikasungidwa mu mtundu wa fayilo ya zithunzi wotchedwa WebP kapena JPEG yochepetsedwa. Mavidiyo odziyambitsa okha, nyimbo, zithunzi zoyenda mosinthana pamwamba: zonsezi zichotseni. Ngati muli ndi vidiyo yabwino, ikhale yoti munthu asankhe yekha kuitsegula. Google ili ndi chida chaulere chotchedwa PageSpeed Insights choyezera liwiro la tsamba, koma muyeso umene ndimaukhulupirira ndi wina: tumizani linki kwa m'bale wanu wa pa Bangula kapena ku Marka, atsegule pa foni yake, akuuzeni zimene waona ndi nthawi imene zatenga.

Tsopano umboni, umene ndi mtima wa nkhani yonseyi. Madigiri ndi masatifiketi alembeni, koma mwachidule. Sachititsa munthu kuimba foni. Chimene chimagwira mtima ndi nkhani ya ntchito imene munagwira, yofotokozedwa m'ndime zitatu zazifupi: zinthu zinali bwanji musanafike, munachita chiyani, zinatha bwanji. Ntchito ziwiri kapena zitatu zofotokozedwa motere zimaposa mndandanda wa ntchito makumi awiri wopanda tsatanetsatane. Manambala muike okhawo amene mungawaikire kumbuyo wina akafunsa. Kuchigwa kuno anthu amadziwana. Mukakokomeza zimene munachita pa gulu lina, mawa wapampando wake akumana ndi kasitomala wanu pa maliro kapena pa msika, ndipo zonse ziululika.

Mawu oyamikira ochokera kwa amene munawathandiza ndi amphamvu, koma apempheni kaye chilolezo, makamaka cholembedwa, musanaike dzina, nkhope kapena chizindikiro cha bungwe lawo. Apa pali ulemu, palinso lamulo: dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, yoteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu. Ndimaumirira kwambiri pa zithunzi za anthu amene anakhudzidwa ndi madzi osefukira. Mayi amene anajambulidwa pa msasa atataya zonse sanavomere kuti nkhope yake ikhale chokokera makasitomala. Ngati simunamufunse, musaike.

Kwa wa mu ofesi uja, onetsani kuti bizinesi yanu ndi yolembetsedwa ndiponso kuti muli ndi TPIN, nambala yokhomera msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Muikenso mbiri yanu ya ntchito pa PDF yopepuka yoti atsitse n'kusunga.

Funso la chilankhulo limabwera nthawi zonse. Mabungwe amawerenga Chingerezi, alimi ndi amalonda ambiri amamasuka ndi Chichewa, ndipo kumunsi kuno Chisena ndi Chimang'anja ndiye za pakhomo. Ine ndimalangiza masamba awiri, la Chingerezi ndi la Chichewa, lililonse lolembedwa palokha ndi munthu, osati lotembenuzidwa ndi makina. Ngati mumaphunzitsa m'Chisena, nenani poyera pa tsamba loyamba. Limenelo ndi luso limene mlangizi wotsika ndi galimoto kuchokera kumtunda alibe, ndipo bungwe lofuna kufika m'midzi ya ku Nsanje limaliwerengera.

Za mitengo anthu amaopa kulemba. Sindikakamiza, koma tsamba lopanda chilichonse chokhudza ndalama limathamangitsa magulu ang'onoang'ono, amene amangoganiza kuti sangakwanitse. Nenani mmene mumawerengera, kaya pa tsiku, pa maphunziro amodzi kapena pa ntchito yonse, ndiponso ngati kukambirana koyamba n'kwaulere. Ngati mumalandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembaninso.

Njira yokupezerani isakhale fomu ya mabokosi khumi. Anthu athu amaimba kapena kulemba pa WhatsApp. Nambala ikhale yoti munthu akaigunda foni iyambe kuimba, ndipo batani la WhatsApp litsegule macheza pomwepo. Imelo ikhalepo chifukwa cha mabungwe, ndipo ndi bwino ikhale ya dzina la webusaiti yanu. Mukaika njira, muziyankha. Uthenga wogona masiku anayi umafafaniza zabwino zonse zimene tsamba linanena.

Ena amandifunsa kuti, "Achimwene, nanga Facebook siyokwanira?" Imathandiza, ndipo musaisiye, koma zimene munalemba chaka chatha zimakwiririka pansi, ndipo tsambalo likatsekedwa mulibe kodandaula kwapafupi. Facebook ikhale yoitanira anthu, webusaiti ikhale posungira umboni.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima nthawi iliyonse ndikachiona. Bambo wina wophunzitsa magulu a banki m'khonde anabwera kwa ine webusaiti yake itazimiririka. Amene anamukonzera analembetsa dzina la webusaitiyo, limene timati domain, m'dzina lake iye mwini, kenako anasamuka n'kusintha nambala. Chaka chitatha panalibe wolipira, dzina linagwa, imelo inaleka kugwira ntchito, pamene makadi ndi zikalata zonse za bamboyo zinali ndi adiresi yomweyo. Tinayambiranso pa chiyambi ndi dzina lina.

Domain, kaya yothera ndi .mw kapena .com, sigulidwa kamodzi. Imabwerekedwa ndipo imalipiridwa chaka ndi chaka, chimodzimodzinso malo osungirako webusaiti, otchedwa hosting. Musanalipire wokukonzerani, gwirizanani polemba kuti zonse ziwiri zilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, kuti mapasiwedi akupatseni tsiku lomaliza ntchito, ndiponso kuti akuphunzitseni kusintha nokha nambala, mitengo ndi zithunzi. Onetsetsani kuti adiresi ikuyamba ndi https. Popanda zimenezo Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imachenjeza alendo kuti tsambalo n'losatetezeka, pamene satifiketi ya chitetezo yobweretsa https imapezeka ulere kudzera ku bungwe la Let's Encrypt. Tsiku lolipira domain mulilembe m'kope limene mumalembamo ngongole, ndipo muike chikumbutso m'foni kutatsala mwezi wathunthu.