Palibe kachilombo kamene kamadya mercury, musanamizidwe

Funso ili landikwana. Chiyambire pamene nkhani za ophunzira a m'mayunivesite akunja opanga tizilombo tothana ndi poizoni zinayamba kuzungulira pa WhatsApp, sabata sipita osalimva: "Akulu, si paja asayansi apeza kale tizilombo todya poizoni? Nanga inu azaumoyo mukutivutitsiranji?" Wofunsayo kawirikawiri amakhala mnyamata wa kumapiri a ku Makanjira wochapa golide ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chimene chimagwira golide, kapena mlimi wa kudimba amene amatsukira sipuleya yake m'mphepete mwa Shire.

Mpikisano umene ophunzirawa amapangirako tizilomboti ulikodi, dzina lake iGEM. Unayamba ngati phunziro chabe pa sukulu ya MIT ku America mu 2003, chaka chotsatira n'kusanduka mpikisano wa magulu asanu. Lero magulu ndi mazanamazana, ndipo kuyambira 2022 akhala akukumana ku Paris. Ophunzira amatenga bakiteriya, nthawi zambiri E. coli, n'kumuika majini (timalangizo ta chibadwa ta m'thupi la chamoyo) ochokera kwina kuti achite ntchito imene sanabadwe nayo. Mu 2006 gulu la ku Edinburgh linapanga bakiteriya wozindikira poizoni wotchedwa arsenic m'madzi, poganizira zitsime za ku Bangladesh. Ntchito yabwino zedi, ine ndimawavulira chipewa ana amenewa. Koma onani bwino: bakiteriya uja ankangouza anthu kuti m'madzi muli poizoni. Sankachotsamo kanthu.

Pamene anthu amasokonezera ndi apa. Mankhwala ambiri opopera mbewu ndi zinthu zolumikizalumikiza, ndipo alipodi mabakiteriya a m'nthaka amene amatha kudula ena mwa mankhwalawa mpaka ukali wake kuchepa. Mercury sali choncho. Bwato la matabwa mungaliphwasule lonse, koma msomali ukhalabe msomali. Mercury ndiye msomaliwo. Sawola, sapsa, sadulidwa. Chimene bakiteriya wokhala ndi jini yotchedwa merA amachita ndi kumusandutsa kuti auluke ngati nthunzi, ndipo ngati palibe chida chogwira nthunziyo, poizoni wangochoka m'madzi kupita mumpweya umene inu mukupuma.

Choopsa kwambiri n'chakuti mabakiteriya amene ali kale m'matope a pansi pa mitsinje amachita zosiyana ndi zimene mukuyembekeza. Amasandutsa mercury kukhala methylmercury, amene amamatirira m'thupi la nsomba. Kansomba kakang'ono kakadyedwa ndi yokulirapo, poizoni amasamukira komweko n'kumaunjikana, choncho nsomba zodya zinzake ngati kampango ndi ncheni ndi zimene zingasenze wambiri madzi akaipitsidwa. Ku Minamata ku Japan, kumene matenda obwera ndi methylmercury anadziwika mu 1956, fakitale inkataya zonyansa zake zokhala ndi poizoniyu m'nyanja, ndipo asodzi ndi mabanja awo ndi amene anapuwala, ana ena n'kubadwa ubongo utawonongeka kale. Pangano la mayiko la 2013 lochepetsa mercury linatenga dzina la tauni yomweyo. Mitsinje ya kumapiri kwathu kuno imathera kuti? M'nyanja, kenako Shire, kenako Malombe.

Ngakhale pa mankhwala amene amadulika, ulendo wochoka mulabu kufika kudimba ndi wautali. Ananda Chakrabarty anapanga bakiteriya wodya mafuta, khoti lalikulu la ku America n'kumulola umwini wake mu 1980, koma bakiteriyayo sanakathiridwe panyanja kuti akayeretse mafuta otayika. Kachilombo kozolowera kudyetsedwa m'botolo kakafika m'matope enieni kamagonja kwa eni malo. Malamulo a iGEM salola ophunzira kutulutsa tizilombo tawo kunja kwa labu, ndipo kuno kwathu lamulo la Biosafety la 2002 limafuna chilolezo pa chamoyo chilichonse chosinthidwa majini. Ndiye munthu akakupezani pamsika ndi kapaketi ka ufa, akuti ndi "tizilombo ta ku yunivesite" toyeretsa chitsime chimene munagwera mankhwala, ameneyo ndi wakuba. Ndalama zanu zipita, ana anu apitiriza kumwa madzi omwewo, tsopano mtima uli m'malo.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Ankawotchera golide wosakaniza ndi mercury m'khitchini ya kwawo, usiku, chitseko chotseka, kuopa akuba ndi apolisi. Nthunzi ya mercury siioneka ndipo sinunkha. Anayamba kusowa tulo, kupsa mtima pa zinthu zopanda pake, nkhama kutupa, malovu kuchucha. Manja atayamba kunjenjemera, abale anati anzake a kumgodi amulodza chifukwa cha nsanje. Anamutemera mphini, anamufukiza, mbuzi inapita. Wina anamuuza kuti azimwa mkaka wambiri, akuti umatsuka poizoni. Mkaka ndi chakudya, sutsuka kanthu. Pofika kuchipatala anali akulephera kugwira kapu osataya tiyi. Koma chimene chimandiwawa ine si iyeyo yekha ayi. M'khitchini yomweyo mkazi wake ankaphikamo tsiku ndi tsiku, mwana ali kumbuyo, wina ali m'mimba. Mercury amalowa m'makoma ndi mudenga n'kumatuluka pang'onopang'ono ngakhale wowotchayo atasiya. Palibe amene anaganiza zobweretsa mayi uja kudzamuona, chifukwa iye sankanjenjemera.

Sindikuuzani kuti musiye golide, mimba ndi yanu ndipo ndikudziwa kuti usodzi sukulipiranso ngati kale. Koma musawotchere m'nyumba kapena pafupi ndi ana ndi amayi oyembekezera. Chilipo chida chotchedwa retort, chopangidwa ndi mapaipi wamba, chimene chimagwira nthunzi n'kubweza mercury m'kachitini ka madzi kuti mumugwiritsenso ntchito. Amisiri owotcherera zitsulo angachipange ataonetsedwa. Matope otsala musawakankhire mumtsinje.

Inunso a kudimba, chigubu cha mankhwala chitsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'sipuleya momwemo, kenako chibooleni kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira kapena thobwa. Gulani mankhwala okhala ndi lebulo, ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, osati a m'timabotolo ta zakumwa topanda dzina. Munthu akayamba kusanza, thukuta, malovu ndi kubanika atangopopera, musamumwetse mkaka kapena mafuta, musamukakamize kusanza. Muvuleni zovala zonyowazo, mumusambitse ndi sopo, muthamange naye kuchipatala nthawi yomweyo, botolo la mankhwalawo lili m'manja kuti adokotala adziwe chomupatsa. Ndipo ngati mumagwira mercury, nenani poyera kwa adokotala, osadikira kuti akufunseni, ndipo mupite ndi onse amene amagona m'nyumbamo.