Kompyuta ikakana kuyaka, musathamangire kuifomata

Mu Lilongwe muno anthu ambiri amati kompyuta ikazima mwadzidzidzi, makamaka magetsi akathima, kenako n'kukana kuyakanso, ndiye kuti zonse zapita ndipo mankhwala ake ndi kuifomata (kufufuta zonse n'kuikamonso Windows) basi. Si zoona. Zimandipweteka kumva kuti wophunzira wataya zolemba za chaka chonse chifukwa chokhulupirira zimenezi.

Nthawi zambiri chomwe chasokonezeka ndi mafayilo oyatsira Windows. Zithunzi ndi zolemba zanu zimakhala zikadali pa hadi disiki (kachipangizo kosunga mafayilo m'kompyuta), ndipo kufomata ndiko kumazifufuta.

Yambani mwazula chingwe cha magetsi ndi mafulashi onse, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenako yesaninso. Ikakanabe, iyatseni n'kuizimitsa ikangoonetsa chizindikiro cha Windows, kawiri kapena katatu. Windows 10 ndi 11 zimatsegula zokha Automatic Repair (pulogalamu yokonza Windows ikakana kuyaka), ndipo mumatha kusankha Startup Repair (yokonza mafayilo oyatsira) kapena Safe Mode (yoyatsa Windows ndi zofunikira zokhazokha).

Mukapita nayo kwa okonza ku Old Town, auzeni ayambe akopera mafayilo anu pa disiki ina asanachite china chilichonse. Mukamva disiki ikugogoda mkati, izimitseni msanga, chifukwa kuiyatsayatsa kumaiwononga kwambiri.