Andromeda ndi dzina limodzi la zinthu zitatu

Ndikamachonga mayankho a ophunzira anga a sayansi ndimakumana ndi cholakwa chimene chafika pondikwana: amalemba kuti nyenyezi za gulu la Andromeda zili mu mlalang'amba wa Andromeda (mlalang'amba ndi khamu lalikulu la nyenyezi mabiliyoni ambiri, ngati limene muli dzuwa lathu). Sizili mmenemo ayi.

Dzinali linachokera m'nthano za Agiriki. Andromeda anali mwana wa mfumu Cepheus ndi mkazi wake Cassiopeia, ndipo anamangidwa pathanthwe m'mbali mwa nyanja kuti chilombo chimudye chifukwa cha matama a mayi ake, koma Perseus anamupulumutsa. Akale anapereka dzinali ku gulu la nyenyezi limene Ptolemy, katswiri wakale wa zakuthambo, analiika pamndandanda wake wa magulu 48. Nyenyezi zake zonse zimene maso amaona ndi za mlalang'amba wathu womwe uno, moti kuwala kwa Alpheratz, imodzi mwa zowala kwambiri, kumatenga zaka pafupifupi 97 zokha kuti kufike kuno.

Mlalang'amba wa Andromeda uli kuseri kwa nyenyezizo, kutali kwakuti kuwala kwake kumayenda zaka 2.5 miliyoni. Unalandira dzinali chifukwa chakuti timauonera mbali imeneyo basi, monga munthu amaonera phiri lakutali kudzera pakati pa nthambi za mtengo wapakhomo. Al-Sufi, katswiri wa zakuthambo wa ku Perisiya, anaulemba m'chaka cha 964 ngati kamtambo, ndipo nyenyezi imene katswiri wina wa ku America, Edwin Hubble, anaipeza mmenemo mu 1923 ndiyo inasonyeza kuti suli mkati mwa mlalang'amba wathu. Kuno ku Malawi umaoneka chakumpoto madzulo a mu Novembala, mwezi ukakhala kulibe.

Chimene chimandiwawabe mtima ndi nkhani ya mtsikana wina amene anabwera m'kalasi nkhope ili yakugwa, atawerenga uthenga wa pa WhatsApp wakuti Andromeda watsala pang'ono kuwomba dziko. Mayi ake anali atapereka kale ndalama kwa munthu wodzitcha wodziwa za nyenyezi kuti ateteze banja, ndipo mwanayo anakhala ndi mantha nthawi yaitali asanafunse aliyense. N'zoona kuti mlalang'ambawo ukusendera kwa ife pa liwiro la makilomita pafupifupi 110 pa sekondi, koma ngati udzakumane ndi wathu, padzakhala patapita zaka zosachepera 4 biliyoni, ndipo nyenyezi n'zotalikirana kwambiri moti n'zokayikitsa kuti zidzawombana. Mwana akabwera ndi uthenga wotere, mutumizeni kwa aphunzitsi tsiku lomwelo, ndipo wofuna ndalama musamupatse ngakhale tambala.